Phazi la a Chumuni Silidziwa Kunama

Dzina lawo lenileni lilipo, koma linafa kalekale chifukwa chosaitanidwa. Msewu wonse unkawadziwa kuti a Chumuni, ndipo amene anawapatsa dzinalo sanalakwitse. Ukamachokera kumtunda, usanaone khonde la sitolo ya zitsulo pamene ankasokera nsapato, unkayamba waona utsi. Utsi ukakhalapo, bwera nazo nsapato zako, mmisiri wafika. Ukapanda kuoneka, bwerera, ali kumaliro.

Fodya anamuyamba ali mnyamata, akuphunzira ntchito kwa mmisiri wina wankhanza amene ankawatuma kukamuyatsira ndudu pambaula ya mayi wogulitsa tiyi. Tsono kuchoka pambaula kukafika pakhonde, ndudu imafuna kukokedwa kuti isazime, si choncho? Mnyamata wokhulupirikayo ankaikoka. Pofika kwa mwiniwake inkakhala itafupika, mmisiri n'kumadandaula kuti mafakitale a masiku ano ndi akuba. Umo ndi mmene a Chumuni anaphunzirira ntchito ziwiri kwa mphunzitsi mmodzi, ndipo zonse anakhoza bwino.

Anakwatira, anabereka ana, anasoka nsapato za msewu wonse, zonsezi ndudu ili kukona ya mlomo. Kukona inayo ankalumako timisomali. Anthu amati tsiku lina anayatsa msomali n'kukhoma ndudu, koma limenelo ndi bodza la ansanje. Akazi awo analimbana ndi utsi mpaka kutopa. Ankabisa machesi, ankanyika ndudu m'madzi, ankawaitanira akuluakulu a mpingo. A Chumuni ankamvetsera mwaulemu, mutu pansi, alendo akangochoka n'kukayatsa kuti aganizire bwino malangizowo. Mayiwo anatsogola osaona tsiku limene ankalipempherera.

Chimene chinawasiyitsa si pemphero, si mantha. Ndi mkwiyo.

Chifuwa chitawavuta anapita kuchipatala. Dokotala wake, kamnyamata kosamera ndevu, anayang'ana chithunzi cha mapapo awo, osawayang'ana n'komwe eni mapapowo, n'kunena akuyasamula kuti, "Anthu ngati inu, madala, sitivutikanso kukuuzani kuti musiye. Mumafa ndudu ili kukamwa."

M'mawa umenewo a Chumuni anali atagula ndudu imodzi yoti asute akatuluka. Atafika pageti anaitulutsa, n'kuiika pamlomo, machesi ali m'manja. Kenako anakumbukira kuyasamula kuja.

"Ine? Kuuzidwa ndi kamwana mmene ndidzafere?"

Anaibweza m'thumba la malaya. Sanaiyatse tsiku limenelo, sanaiyatse mawa lake, ndipo sanaitaye. Zaka zinadutsa ili momwemo. Inasanduka yachikasu, inapindika ngati nkhalamba, pepala litang'ambika pakati anaimata ndi guluu wa nsapato. Ankaitcha mkaidi. M'mawa uliwonse asanagwire singano ankaigoneka pachitsulo chokhomerapo nsapato, n'kuipatsa moni.

"Wadzuka bwanji, mkaidi? Moto waupeza? Sunaupeze? Pepa. Bwerera m'chitokosi."

Utsi unatha pakhonde, koma dzina linakana kuchoka. Anakhala chumuni cha nyumba yosaphikamo.

Mawondo atayamba kukangana ndi mtunda, mwana wawo wamkazi, chitsiriza, anawatenga kuti azikhala naye. Anawapatsa kachipinda ka kuseri, kokwana bedi ndi bokosi la zida. Mwamuna wake anali munthu wabwino, tisamunamizire. Sankamwa, sankamenya, ankafika pakhomo dzuwa lisanalowe. Vuto lake linali limodzi: anawerenga. Ankagwira ntchito mu ofesi, ndipo tayi ankamanga ngakhale Loweruka popita kogula makala. Pamaso a Chumuni ankati "akamwini," kumbali ankati "a Tayi."

Ndiye kunabadwa mdzukulu, kamnyamata. Kanabwera ndi chifuwa choimba mluzu, moti kakamapuma unkamva uli panja. Tsiku limene kanatuluka kuchipatala a Chumuni anasamba, anapesa, anakhala pampando wa pabalaza manja ali tambasu. Mkamwini anaima pakati.

"Apongozi, pepani, tiyambe takambirana. Mukamunyamula mwanayu, mutu wake ugona pati?"

"Pachifuwa. Nanga pamsana ngati ndine make?"

"Pachifuwapo pali thumba. M'thumbamo muli chiyani?"

"Muli mkaidi."

"Muli fodya, apongozi. Kuchipatala atiuza kuti fodya asayandikire mwana, ngakhale fungo lake."

"Fodya wosayatsa, akamwini, ndi galu womangirira. Saluma."

"Galu womangirira amadula chingwe. Munthu amene anasiyadi sasunga. Inu mukusunga chifukwa chibaba chikadalipo."

Chibaba! Mawu amenewo ndi amene anawabaya. Inu osasuta simungachidziwe. Chibaba ndi chija chimagwira munthu wa fodya pakhosi, n'kumudzutsa pampando, n'kumuyendetsa mvula ili pamsana kukagogoda pagolosale yotseka. Kumuuza munthu amene anasiya kuti chibaba akadali nacho kuli ngati kumuuza wosamba kuti akununkha.

"Ine chibaba ndinachikwirira ndi manja angawa," anatero a Chumuni, "inu musanaphunzire kumanga chingwe chapakhosicho."

"Ndiye tayani nduduyo."

"Sinditaya. Wotaya ndi amene akuopa."

"Ndiye mwanayu simumugwira."

Nkhani inaima pamenepo, njo, ngati bulu pamlatho. Masabata anadutsa. A Chumuni ankakhala pakhomo la kachipinda kawo, n'kumamuonera patali mdzukulu akusambitsidwa m'beseni. Ankamutulutsira lilime, ankamuimbira mluzu womuyankha wa pachifuwa uja. Anamusokera tinsapato tachikopa, munthu woti ngakhale khosi silinalimbe. Azakhali ankabwera n'kumunyamula. Mayi wa nyumba yoyandikana ankamunyamula. Ngakhale wowerenga mita ya madzi tsiku lina anamunyamula. Agogo ake okha ndiwo ankangomuyang'ana ngati nyama ya pawindo la butchala.

"Bambo, ingotayani," mwana wawo ankawanong'oneza akawabweretsera madzi osamba. "Kandudu kamodzi kouma kakulekanitseni ndi mdzukulu wanu?"

"Iwe, ndikakataya lero, mawa amuna ako aziti nkhalamba inagonja. Ndinakana kugonja kwa dokotala, ndigonje kwa tayi?"

Mwana wawo yemweyo ndi amene anabwera ndi nkhani ya kafukufuku. Anamva ali kusikelo kuti kuseri kwa chipatala kuli anthu ophunzira za fodya, ndipo akufuna osuta ndi amene anasiya. Amakukhazika pampando, n'kukuonetsa zithunzi za ndudu, makina n'kumayeza ngati thupi lako likulakalaka. Anangoinena pofuna kuseketsa, koma a Chumuni anaimirira ngati alumidwa ndi linthumbu.

"Akamwini! Inu mumakhulupirira makina kuposa anthu. Ndipita. Makinawo akanena kuti chibaba palibe, mkaidi akhala m'thumba ndipo mwana ndinyamula. Akanena kuti chilipo, atuluka m'thumba mwanga tsiku lomwelo."

Mkamwini anakonza tayi, anaganiza, anavomera. Anagwirana chanza, mwana wawo ali mboni.

Chipinda cha kafukufukucho chinali chaching'ono, chopanda windo, muli mpando wofewa, kompyuta, ndi mawaya olendewera ngati zingwe zoyanikapo zovala. Anawalandira mtsikana wa magalasi. A Chumuni, mwa chizolowezi, anayamba ndi kumuyang'ana kumapazi: nsapato yakumanzere inali itayamba kuyasamula kutsogolo.

"Mwaswera bwanji, adokotala?"

"Ndaswera, agogo, koma sindine dokotala. Ndikadaphunzira."

"Ndiye tigwirizana. Madokotala ndili nawo mlandu."

Anamufotokozera za pangano lawo ndi a Tayi. Mtsikanayo anaseka, kenako anapukusa mutu.

"Agogo, makina athuwa si bwalo la milandu. Ife tikungofuna kudziwa chimene chimachitika m'thupi munthu akaona zinthu zomukumbutsa fodya, kuti tidziwe mmene tingathandizire ofuna kusiya. Zimene tipeze pa inu sindiuza munthu, ngakhale mwana wanu ali pabenchi panjapo."

"Mundiuze ine. Pakamwa ndili napo."

Anayamba ndi kuwapumitsa m'kachipangizo kokhala ndi paipi. Mtsikanayo anayang'ana n'kunena kuti mumpweya wawo mulibe utsi. A Chumuni anayang'ana kukhomo, kumva chisoni kuti mkamwini palibe.

Kenako anatenga timawaya tiwiri toti amate kuzala. Anati munthu akatengeka mtima, khungu limachita kathukuta kosaoneka ndi maso, ndipo timawayato timakamva. Anamata. Anayang'ana pakompyuta. Anamatula, anapukuta zalazo ndi thonje, anamatanso. Zii.

"Agogo, zala zanuzi ndi zala kapena matabwa?"

"Ndi zala za ntchito, mayi. Zadya ulusi ndi guluu kuyambira amayi anu asanabadwe. Singano imathyoka ikalakwitsa njira."

"Makina sakumva kanthu. Ngati kuti ndamata pakhoma."

"Basi, ndapambana. Lembani."

"Ayi, simunapambane. Vulani nsapato. Timata kuphazi."

Apa ndiye panavuta. Paja mmisiri wa nsapato ndi amene amayenda ndi nsapato zomvetsa chisoni m'tauni monse. Yawo inali ya zigamba zosiyana mitundu, ndipo itavulidwa, chala chachikulu chinasuzumira pabowo la sokosi ngati mbewa pauna.

"Limenelo ndi windo," anatero a Chumuni. "Phazi limafuna mpweya."

Mtsikanayo anadziluma mlomo, n'kulowetsa timawayato m'sokosi, n'kutimata pakati pa phazi lakumanzere, pofewa paja posaponda pansi. A Chumuni anadumpha kuti akuwagirigisha. Pakompyuta panatuluka mzere wobiriwira, ukuyenda pang'onopang'ono ngati nkhono. Mtsikanayo anaitembenuza kuti iwo asauone, anawapatsa kabokosi ka mabatani, n'kuwauza kuti chithunzi chilichonse chikadutsa adine kusonyeza mmene akufunira kusuta: batani lakumanzere ngati sakufuna n'komwe, lakumanja ngati akufunitsitsa, apakatiwo ngati zili pakatikati. Anathimitsa getsi.

Kunabwera chithunzi cha mpando. A Chumuni anadina kumanzere. Ambulera. Kumanzere. Kapu yopanda kanthu.

"Mayi, mwandiitanira kuti ndidzagule katundu wa m'nyumba?"

"Ingoyang'anani, agogo."

Kenako paketi ya ndudu, yonyezimira, yotsegula pakamwa, ndudu zili ndandanda ngati asilikali.

"Ndakuonani, abale ake a mkaidi. Akupereka moni." Kumanzere.

Mbale ya phulusa. Kumanzere. Mlomo wa munthu ukutulutsa utsi. Kumanzere, mwamphamvu, mpaka kabokosi kanalira. Tsache. Machesi akuyaka. Ndowa. Iwo kumanzere, kumanzere, akuseka, akuzitukwana zithunzizo chimodzichimodzi.

Ndiye kunabwera dzanja. Silinali la bwana ayi, linali dzanja la munthu wa ntchito, zikhadabo zakuda, chala china chomangidwa kansalu. Pakati pa zala panali ndudu yopsa theka, phulusa lake litatalika, litawerama, latsala pang'ono kugwa. Mwini dzanjalo ankaoneka kuti watanganidwa, waiwala kuligwetsa.

A Chumuni anasiya kuseka. Chala chawo chachikulu chinagwedezeka chokha, kawiri, kugwetsa phulusa la munthu wina. Malovu anadzaza m'kamwa. Kukona ya mlomo kuja kunayamba kuyabwa, ndipo pakhosi panabwera chinthu chimene ankachidziwa bwino, chimene chimabwera m'mawa uliwonse akagoneka mkaidi pachitsulo, chimene iwo ankachitcha mkwiyo.

Anameza malovu. Anadina kumanzere.

Getsi litayaka anafunsa mwamatama kuti, "Nanga bwanji? Tembenuzani ndione."

"Mukufunadi kuona?"

"Ndabwerera chimenecho."

Mtsikanayo anatembenuza kompyuta, n'kumalondola mzere uja ndi cholembera. Pampando unali phee. Pa ambulera, phee. Papaketi unadzuka. Pamachesi unadumpha. Padzanja lija unakwera phiri, n'kukana kutsika mpaka zithunzi zina ziwiri zitadutsa.

"Mabatani anu akuti simukufuna n'komwe," anatero mofatsa. "Phazi lanu likunena zina."

"Makinawa ndi akunja. Sadziwa mapazi a kuno."

"Pa ambulera anawadziwa bwinobwino."

A Chumuni anayang'ana phazi lawo. Linali lili phee pansi, chala chili pawindo, ngati silinachite kanthu.

"Kazitape," analiuza. "Ndakuveka zaka zonsezi, ndakusokera ndi manja anga, lero ukandigulitse kwa alendo?"

"Agogo, musalikalipire. Ambiri amene anasiya kalekale thupi lawo limadumphabe chonchi. Mzerewu sukunena kuti mudzasuta. Ukungonena kuti thupi silinaiwale. Mpweya wanu wati simusuta, phazi lati mumalakalaka. Onse awiri akunena zoona."

Anavala nsapato yawo. Anamanga zingwe, n'kuimirira. Pakhomo anatembenuka.

"Nsapato yanu yakumanzereyo mubwere nayo isanayambe kulankhula. Nayonso ndi ya phazi lomwelo, sisunga chinsinsi."

Panja mwana wawo anali pabenchi, khanda lili kumsana, kamutu kokha kakuoneka pamwamba pa nsalu. Anaimirira.

"Zayenda bwanji, bambo?"

Tsono taonani mmene mayesero amabwerera. Mtsikana uja anali atalonjeza kuti sauza munthu. Panalibe pepala, panalibe mboni. Mawu amodzi okha, "ndapambana," ndipo madzulo omwewo kamutu kaja kakanagona pachifuwa pawo, mkaidi ali m'malo mwake, a Tayi akumeza malovu owawa. Anali atanamiza mabatani nthawi yonseyi, bodza limodzi lowonjezera likanalemera chiyani?

Koma a Chumuni anaona kuti kubisa ndi kuthawanso, ndipo iwo chiyambire sanathawepo kandudu.

"Chilipo," anatero.

"Chiyani?"

"Chibaba. Chadzaza phazi lonse."

Mwana wawo anayamba kuseka, koma ataona nkhope yawo analeka.

"Ndimayesa ndinachikwirira," anatero akuyang'ana kumbali. "Kani chimadzuka nane m'mawa uliwonse. Chimadya nane, chimakhala nane pakhonde. Zaka zonsezi ndimati ndikulondera mtembo, pamene ndikugwetsana ndi chamoyo." Anakweza mawu moti odwala a pabenchi anatembenuka. "Ndipo sichinandigwetsepo! Amene alibe chibaba akapanda kusuta, n'chiyani chodabwitsa? Ngakhale mbuzi sisuta. Tiye kunyumba."

Mkamwini atabwera kuntchito anawapeza atakhala pakhonde, bokosi la zida lili lotsegula, chitsulo chili pakati pa miyendo. Nkhani anali ataimva kale kwa mkazi wake pafoni, ndipo, kunena zoona, sanabwere monyada.

"Apongozi, ine sindinafune kukuchititsani manyazi."

"Manyazi a chiyani? Khalani pansi, akamwini, muonerere. Pangano ndi pangano."

Anavula nsapato yakumanzere, anaiveka pachitsulo chidendene chili m'mwamba, n'kuchikanganula ndi pulayala. Anatenga mpeni wawo wopindika n'kuyamba kusema m'kati mwa chidendenecho, pang'onopang'ono, mpaka munachita kamphako. Atatero anapisa dzanja m'thumba la malaya.

"Tuluka, mkaidi. Mlandu wako waweruzidwanso. Pali amene wakhala akukulakalaka mobisa, lero ndamugwira. Ndiye poti mumakondana, kakhaleni limodzi."

Anaigoneka m'kamphakomo mopingasa, ndipo chifukwa cha kupindika kwake inakwana ngati anachita kuyeza. Anathira guluu wambiri, anabwezera chidendene, analuma timisomali kukona ya mlomo, n'kuyamba kukhoma. Kho! Kho! Kho! Msomali uliwonse unkalowa ndi mawu ake. Uwu ndi wa dokotala woyasamula. Uwu ndi wa makina. Uwu ndi wa kazitape. Anavala nsapatoyo, anaimirira, anaponda pansi mwamphamvu.

"Koma apongozi," anatero mkamwini, "tinagwirizana kuti mutaya."

"Tinagwirizana kuti atuluka m'thumba. Mboni ilipo. Iwe, ndinati chiyani?"

"Munati atuluka m'thumba," anayankha mwana wawo ali pakhomo.

"Mwamva? Inu owerenga mumawerenga mapepala okha, mawu a anthu simuwerenga."

"Komabe fodyayo akadali pakhomo pano."

"Ali pansi pa guluu, pansi pa chikopa, pansi pa ine. Mwana akafuna kumununkhiza ayambe waphunzira kuzula misomali."

Mkamwini anatsegula pakamwa, koma mkazi wake anamudutsa atanyamula beseni la madzi, sopo ndi malaya ochapa.

"Bambo, vulani malaya a fodyawo. Sambani m'manja mpaka m'zigongono, guluuyo achoke. Inunso bambo a mwana, tasunthani, mukutchinga njira."

A Chumuni anasamba ngati akupita kukaopereta munthu. Anavala malaya ochapawo, anakhala pampando, ndipo ulendo uno sanatambasule manja, anangodikira, chibwano chili m'mwamba. Mwana wawo anamasula nsalu, n'kuwaikira khandalo pachifuwa.

Linali lopepuka kuposa nsapato ya mwana wa sukulu. Kamutu kanagona pathumba lopanda kanthu, kakutentha, kamluzu kaja kakumveka m'nthiti mwawo. Ndipo pomwepo, mwana ali m'manja, chibaba chinabwera monga chimabwerera munthu akakondwa kwambiri, chinawagwira kukona ya mlomo. Anachizindikira. Sanachitchenso dzina lina. Anangokanikiza chidendene pasimenti, n'kuchipotokola pang'ono ngati akuzima kanthu.

Mkamwini anali akuyang'anabe nsapatoyo.

"Nanga chidendenecho chikadzatha, apongozi?"

A Chumuni sanadzutse n'komwe maso kuchoka pa mdzukulu wawo.

"Chidendene chokhoma ine, akamwini? Mudzayamba ndinu kutha."